Basi ya ku Kulamba ndi zimene Nabanda anaona kupitirira Luangwa

Nabanda: Odi pagulu. Ndafika bwino ku Chawama koma nsima yandikanika, manja akunjenjemerabe. AMbewe, musanatumize mndandanda wa ndalama za basi ya ku Kulamba, ndiloleni ndikambe zimene ndaona lero pochokera ku Katete.

aMbewe: Takulandirani alongo. Kambani, koma dzina la kampani musalitchule. Pano timalemba tokha koma owerenga ndi ambiri.

Nabanda: Sinditchula. Tinanyamuka m'mamawa bwinobwino. Titafika pa Sinda inatipitirira basi ina yaikulu, ndiye draiva wathu ngati amuthira tsabola. Kuchokera apo mpaka Petauke anali mpikisano, uyu patsogolo, uyu pambuyo, aliyense kufuna kukayamba kutola anthu pa siteji. Ine chete. Pa Luangwa Bridge tinatsika, ndinagula nsomba zouma, mtima unakhalako pansi. Koma titayamba kukwera mapiri aja a Manenekela, kutsogolo kunali thiraki ikukwawa ngati kamba. Draiva wathu uja anangotuluka kuti apitirire pa kona, mzere woyera wosadukiza uli pansi, kutsogolo sikukuoneka. Tangoona thanki ya mafuta ili maso ndi maso ndi ife. Mwini thanki ndiye anatipulumutsa, anagwetsera matayala m'miyala, fumbi koboo. Mayi wina anali ndi mwana pamiyendo, mwanayo anakagunda mpando wakutsogolo ndi chipumi.

Amake Tiyese: Mayo ine! Mulungu ndi wamkulu.

Nabanda: Chimene chandiwawa si draiva ayi. Ndinaimirira ndi kukuwa kuti bambo inu mwanyamula anthu, si matumba a chimanga. Mnyamata wina wa msinkhu wa mwana wanga anati, "Amama, ngati muli ndi mantha tsikani mukwere ngolo ya ng'ombe." Basi yonse kuseka. Ngakhale bambo wa mwana wogunda chipumi uja anangoweramira pa foni. Ndinakhala pansi ngati ine ndiye wolakwa.

Dalitso: Pepani amama. Koma kunena zoona enafe timasankha dala basi yothamanga. Ukakhala ndi katundu wokagulitsa ku Soweto Market sungafune kufika dzuwa litalowa.

Nabanda: Ndiye kuti iwe Dalitso ukanakhalamo ukanaseka nawo.

Dalitso: Sindikanaseka amama. Koma sindikanakuthandizaninso, apo ndisaname.

aphunzitsi aZulu: Dalitso, tenga pensulo. Kuchokera ku Katete kufika mu Lusaka ndi pafupifupi makilomita 500. Basi yoyenda 80 pa ola idzatenga maola 6 ndi mphindi 15. Yoyenda 100 idzatenga maola 5. Zonse zimene mumakuwira draiva kuti "ponda, ponda" ndi ola limodzi ndi mphindi 15. Ndipo olalo limathera pa Luangwa podikira anthu amene akutsutsana mtengo wa nsomba.

Chisomo: Aphunzitsi afika ndi masamu, tithawe.

aphunzitsi aZulu: Thawa, koma wamva. Amene munali kale mu Lusaka mukukumbukira pa 7 February 2013. Post Bus yochokera ku Ndola inawombana ndi thiraki ku Chibombo, anthu pafupifupi 50 anathera pompo. A Michael Sata analengeza masiku atatu a maliro a dziko lonse. Ndipo Post Bus inali basi imene tonse tinkaiona ngati yofatsa, yotumizapo agogo ndi ana asukulu. Pa Great North Road paja vuto ndi kupitirirana pamsewu wopapatiza wodzaza mathiraki a ku migodi. N'chifukwa chake anthu akhala akulira zaka zonsezi kuti msewu wa Lusaka ndi Ndola ukhale wa mbali ziwiri, ndipo tsopano ntchitoyo inayambika. Koma wathu wa Kum'mawa uli momwemo, motoka imodzi kupita, imodzi kubwera, phompho pambali.

Amake Tiyese: Malo ena ali ndi zake aphunzitsi. Bwanji ngozi zimangochitikira pamodzimodzi? Kapiringozi paja ngakhale dzina likunena lokha. Anthu a mpingo aja anafera pamenepo mu 2023 ankapita ku Siavonga ku za Mulungu.

Mabvuto wa ku garaji: Amake Tiyese, ndikulemekezani, koma pa Kapiringozi ndi pa Manenekela mfiti yake ndi mtsetse. Ndikufotokozereni monga munthu amene manja ake sachoka girisi. Basi yodzaza ikamatsika phiri lalitali, draiva akamangoponda buleki osasiya, madiramu amatentha mpaka kununkha. Zikatentha choncho buleki imaterera, uponde bwanji motoka imangopita. Basi zazikulu zimagwira ndi mpweya, ndiye ukamapondaponda ngati ukupopa njinga mpweya umatha m'matanki. Basi zing'onozing'ono monga Rosa ndi Hiace zimagwira ndi mafuta a buleki, ndipo mafutawo akawira phazi limangolowa mpaka pansi. Draiva wodziwa amalowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsika ndi kutsegula buleki ya ku ekizozi kuti injini ndiyo izigwira motoka. Manje pali ena amachotsa giya n'kuika pa fulii kuti asunge dizilo. Dizilo wosungidwayo amakagulitsa madzulo. Mizimu isanamiziridwe.

Amake Tiyese: Ine ndizipempherabe.

Mabvuto wa ku garaji: Pempherani ndithu, inenso ndimapemphera. Koma mukatha Ameni muyang'anenso tayala.

Esnart: Abale nkhuku zoyera zakula, za masabata 6, ndikubweretserani mpaka pakhomo mukakhala Mtendere, Kalingalinga kapena Kabulonga.

aMbewe: Esnart, malonda ndi Loweruka. Tili pa nkhani ya moyo.

Esnart: Pepani atsogoleri, sindinawerenge zam'mwamba.

aTembo: Ine ndakhala ndikuwerenga chete chifukwa ndikudziwa kuti draiva pagulu lino ndine, ndipo miyala yonse ikubwera kwa ine. Ndimayendetsa Hiace ya munthu, town ndi Chelstone. Ndikadzuka 04 koloko ndimakhala ndili kale ndi ngongole. Mwini motoka amafuna cashing yake yathunthu madzulo, kaya kwagwa mvula, kaya Great East Road yatsekeka pa Manda Hill maola awiri. Pamwamba pake dizilo, ya pa siteshoni, ya ngwangwazi amene wakuitanira anthu, ya kondakitala. Zotsala ndiye zanga. Tsiku lina zotsala kulibe, ndimachotsa m'thumba kuti mawa asandilande makiyi, chifukwa pa Kulima Tower pali anyamata khumi okhala ndi laisensi amene akungodikira kuti ine ndilakwe. Ndiye mukaona Hiace ikudumphira m'mbali mwa msewu kapena kuima pakati pa njira kutola munthu mmodzi, sikuti tonse ndife amisala.

Nabanda: Achimwene, njala yanu isaphe ana athu.

aTembo: Sindikukana alongo. Ndikungokuonetsani kumene chingwe chamangidwa. Inu mumaona mbuzi ikuzungulira, chikhomo simuchiona.

Agogo aDaka: Ana inu, ine ndinagwira ntchito ku UBZ, kampani ya basi ya boma, nthawi ya a Kaunda. Draiva ankalandira malipiro pa mwezi, basi idzaze isadzaze. Tinali ndi buku lolembamo nthawi yonyamuka ndi yofika, ndipo ukafika msanga kwambiri ankakufunsa kuti wauluka bwanji. Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Anthu ankagona pa siteshoni masiku awiri kudikira basi ya ku Lundazi, ndipo ikabwera ankalowera pa windo. Itatha UBZ m'zaka za m'ma 1990, maminibasi anadzaza, kudikira kunatha, tinaomba m'manja. Sitinadziwe kuti draiva tamusandutsa wamalonda.

Chisomo: Agogo, kulowera pa windo inuyo munalowerapo?

Agogo aDaka: Ambuye ako ndinawadziwira pa windo lomwelo. Funsa bwino.

aphunzitsi aZulu: Boma linayesako. Mu 2016 linatulutsa lamulo lija la SI 76 loletsa basi ndi mathiraki kuyenda kuyambira 21 koloko mpaka 05 koloko. Kenako a RTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, anayamba kulondola basi zamtunda wautali ndi GPS kuti aziona liwiro ali mu ofesi. Koma chaka ndi chaka anthu ofera pamisewu ya Zambia amakhalabe cha m'ma 2,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi oyenda pansi.

aSakala: Moni nonse. Ine sindilembalemba pano, ambiri mumandidziwa ngati wogulitsa simenti ku Kanyama. Koma ndinayendetsa basi yaikulu pa msewu wa Chipata zaka 11, ndipo zimene wanena Nabanda zandibwezera kutali. Ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Lamulo la usiku lija linathandiza, sindingatsutse. Usiku pamsewu uja pali ng'ombe, njinga zopanda nyale, mathiraki ofera pakati pa msewu amene chizindikiro chake ndi nthambi za mtengo. Koma lamulolo litabwera, mabasi onse anayamba kutuluka pa Intercity nthawi imodzi, 05 koloko, ngati ng'ombe zotsegulira khola. Amene wayamba kufika pa Nyimba ndi pa Petauke ndiye watola anthu. Wachiwiri amapeza siteji yopanda kanthu, ndipo madzulo foni imalira: mnzako wabweretsa zakuti, iwe bwanji? Komanso ukachedwa panjira umayamba kuthamangitsana ndi 21 koloko, chifukwa ikakupeza uli ku Kacholola ugona pomwepo ndi anthu 60 akukutukwana.

Ndiye tulo. Anthu amaganiza kuti popeza basi yagona, draivanso wagona. Ndinkafika ku Chipata madzulo, kutsitsa katundu, kupita kukathira dizilo, kukaonetsa motoka kwa makanika, kubwerera pa siteshoni kumene ayamba kale kulongeza matumba a nyemba ndi mtedza za mawa. Pogona panga panali pa mpando wakumbuyo, wailesi za ogulitsa zikulira, anthu akugogoda kufunsa malo. Ukagona maola atatu wachita mwayi. Pa pepala tinkalembedwa madraiva awiri. Wachiwiriyo nthawi zambiri anali kondakitala amene ali ndi laisensi, ndipo nayenso sanagone.

Tsiku limene ndinasiya sikunachitike ngozi, n'chifukwa chake palibe amene analimva. Tinali titadutsa Rufunsa kulowera ku Chongwe, masana dzuwa lili pamutu, msewu wowongoka, anthu onse m'basi ali m'tulo. Ndikukumbukira ndikuona chikwangwani patsogolo. Chotsatira ndinamva matayala akulira m'miyala, basi ili kumanja kwa msewu, mbali ya motoka zobwera. Maso anali otsegula koma munthu ndinali nditachoka. Kukanabwera ngakhale njinga yamoto, bwenzi lero mukunditchula ndi dzina lina. Ndinabweza motoka pang'onopang'ono, palibe anadzuka kupatula mayi mmodzi wachikulire pa mpando woyamba. Sanakuwe. Anangotulutsa botolo la madzi n'kundipatsa, nati, "Mwanawe, ima usambe kumaso." Ndinaima. Anthu anadzuka n'kuyamba kudandaula kuti taimiranji pathengo. Nditafika pa Intercity ndinapereka makiyi.

Amake Tiyese: ASakala, thupi langa lachita tsembwe.

aphunzitsi aZulu: Motoka yoyenda 100 pa ola imadutsa mamita 28 pa sekondi imodzi. Kusinza masekondi atatu okha ndi mamita oposa 80 popanda woyendetsa, kutsala pang'ono kukwana bwalo la mpira.

Chisomo: Masamu awa okha sindithawa.

aTembo: Akulu aSakala anena zimene ine ndimaopa kunena. Timatafuna chingamu, timamwa zakumwa zija zopatsa mphamvu zitatu pa tsiku, ena amafika pogwira tujilijili kuti maso atseguke. Ukauza bwana kuti ndatopa, yankho ndi lakuti motoka sitopa, ikani makiyi pa tebulo.

Dalitso: Tujilijili si analetsa kalekale?

aTembo: Analetsa mapaketi mu 2012. Mowawo unangosamukira m'mabotolo ang'onoang'ono.

Sisita Naphiri: Ndangotuluka ku ntchito, ndawerenga zonse. Ine ndimalandira anthu a ngozi zoterezi, ndiye ndinene ziwiri zokha. Choyamba lamba. Basi ikagubuduka, amene timawapeza ovulala koopsa ndi amene anaponyedwa kunja pa windo kapena anagwera anzawo. Basi zambiri zazikulu malamba zili nawo, koma anakankhidwira pansi pa mpando ndipo akuda ndi fumbi chifukwa palibe amawagwira. Mwana pamiyendo ndiye woyamba kuuluka, manja a mayi sangamugwire pa liwiro limenelo ngakhale amukonde bwanji. Chachiwiri, mukafika pa ngozi musamakoke munthu ngati thumba. Ena amapulumuka pa ngoziyo n'kupuwala chifukwa cha onyamula. Ngati akudandaula khosi kapena msana, ndipo palibe moto, musiyeni mmene alili, mutu usagwedezeke, mpaka mupeze thabwa kapena chitseko chomunyamulirapo. Amene akutaya magazi mutsindikizeni pa bala ndi chitenje choyera. Ndipo musamupatse madzi kapena chakudya, mwina akufunika opaleshoni. Pakati pa Chongwe ndi Nyimba zipatala zili patalipatali, chodalirika pafupi ndi mapiri aja ndi cha mishoni ku Mpanshya, ndiye zimene achita anthu oyamba kufika ndi zimene zimaweruza.

Sisita Naphiri: Ndi mafoni. Munthu akuvutika inu mukujambula kuti muike pa Facebook. Abale ake amamva maliro pa chithunzi.

Nabanda: Nanga ine ndikanatani lero? Kukuwa ndakuwa, andiseka.

aphunzitsi aZulu: A RTSA ali ndi nambala yaulere, 983. Mukanaimba muli m'basi momwemo, kutchula nambala ya motoka ndi pamene muli.

Nabanda: M'mapiri muja netiweki ikuchokera kuti aphunzitsi?

aSakala: Imbani mukafika pamene yagwira, zimathandizabe. Koma ndikuuzeni chimene draiva amaopa kwambiri kuposa foni. Munthu mmodzi akakuwa, draiva amati ndi wamantha. Akayankhula anthu anayi kapena asanu, makamaka azibambo a mipando yakutsogolo, phazi limachoka lokha. Ine zinandichitikirapo kangapo. Chimene chimatilimbitsa mtima ndi kuseka kuja. Ukamva basi ikuseka wodandaula, umadziwa kuti anthu ali mbali yako, ndipo umawonjezera kuti uwasangalatse.

Dalitso: Apa mwandilasa ine.

aMbewe: Chabwino abale, nkhaniyi yafika pamene ndimafuna. Kulamba ndi Loweruka lomaliza la August ku Mkaika, ndipo tinagwirizana zobwereka Rosa ya anthu 26. Pulani inali yonyamuka Lachisanu 05 koloko, kuchezera gule usiku, Loweruka kuona mwambo kwa Kalonga Gawa Undi, ndi kunyamuka madzulo omwewo kuti Lamlungu tipemphere kuno. Draiva mmodzi. Nditawerenga za aSakala ndaona kuti tinakonza zomupha munthuyo, ndi ife tomwe.

Chisomo: Draiva ameneyo akakhala Mchewa sagona n'komwe, akachezera ku gule ndi ife.

aSakala: Kubwerera Loweruka madzulo iwalani. Tsiku limenelo msewu wa Katete umadzaza motoka za ku Malawi, za ku Mozambique ndi za kuno, ena atamwa kuyambira m'mawa. Mdima ukakupezani musanafike Nyimba, ndipo mapiri mukawadutsa usiku ndi draiva wotopa. Gonani, munyamuke Lamlungu kukacha. Madraiva akhale awiri enieni, aliyense aonetse laisensi ya PSV yonyamulira anthu, ndipo muwalipirire chipinda chogona. Osati m'basi.

Esnart: Ndiye ndalama ikwera bwanji? Enafe K700 ija tinachita kukongola ku chilimba.

aMbewe: Ndawerengera mwachangu. Tsiku lowonjezera la basi, draiva wachiwiri ndi chipinda chawo, aliyense awonjezere K150.

Esnart: Mmm. Atsogoleri, imeneyo ndi nkhuku yathunthu ndi theka.

Amake Tiyese: Ine Lamlungu ndili ndi kwaya, ndinalonjeza kale.

Nabanda: Amake Tiyese, kwaya idzaimba popanda inu tsiku limodzi. Esnart, ndigula nkhuku ziwiri Loweruka, nkhani ya K150 yatha.

Mabvuto wa ku garaji: Ndipo musapereke ndalama kwa mwini Rosa ndisanaione. Pepala la fitinesi pa galasi lisakunamizeni, pali eni motoka amene amabwereka matayala abwino tsiku lopita kukayezetsa, pobwera n'kubweza. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2319 ndiye kuti sabata ya 23 mu 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mano koma lili lokalamba, ndipo pa phula lotentha la ku chigwa cha Luangwa limaphulika. Kutsogolo sindifuna kuona tayala lomatidwanso mano. Ndikagwetsanso gudumu limodzi ndione mabuleki ndi maso anga.

aTembo: Mwini motoka akakana kuti mugwetse gudumu?

Mabvuto wa ku garaji: Ndiye wayankha kale. Ma Rosa mu Lusaka ndi ambiri.

aMbewe: ASakala, draiva wachiwiri simungakhale inu? Gulu lingakhale ndi mtendere.

aSakala: Ayi achimwene. PSV yanga inatha kalekale ndipo sindinaikonzenso dala. Koma Lachinayi ndipita ndi Mabvuto kukaona motoka, ndipo madraivawo ndikufuna ndikacheze nawo ndekha, bwana wawo asakhalepo. Ndikawafunsa kumene agone Lachitatu ndi Lachinayi usiku.

Agogo aDaka: Ine mundiikire mpando wa pa windo.

Nabanda: Wa kumbuyo kwa draiva ndi wanga, wina asaulembe. Dalitso akhale pambali panga.

Dalitso: Ndamva amama. Botolo la madzi ndinyamula ine.

aMbewe: Zatheka. Kunyamuka Lachisanu 05 koloko pa Chelstone, kubwerera Lamlungu m'mawa. K150 ifike kwa msungichuma pasanafike pa 15. Amene sanamalize ngakhale K700 yoyamba alipo 9, maina ndili nawo, sindiwatchula lero. Amake Tiyese, mukupita kapena tipereke mpando wanu kwa apongozi a Chisomo?

Amake Tiyese: Musapereke. Ndikambirana ndi a kwaya mawa.